Katundu Wanzeru Wosowa Nzeru

Anzanga, masiku ano amisiri akupanga nyale, maloko a pachitseko, mafiriji ngakhalenso mabedi amene amayendera intaneti. Iwo amati ameneyu ndi katundu wanzeru. Inetu ndikuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ndifuna kupereka zifukwa zanga.

Choyamba, wogula sakhala mwini wake weniweni. Ku America kunali kabokosi kotchedwa Revolv, kolamulira nyale ndi maloko a m'nyumba, ndipo mtengo wake unali madola 300. M'chaka cha 2016 kampani ya Nest inatseka makompyuta amene ankayendetsa kabokosiko, tsono mabokosi onse anafa ngakhale kuti sanathyoke pena paliponse. Kodi mukagula khasu, wosula angabwere kudzaliletsa kulima?

Chachiwiri, katunduyu amadalira makina okhala kutali zedi. Pa 20 Okutobala 2025 makompyuta a Amazon atasokonekera, mabedi ena a Eight Sleep anatentha osaleka, ena anakhala chipendekere, eni ake osatha kuwawongola. Mphasa ya agogo siinachitepo chipongwe chotere.

Chachitatu, mbala zimapeza khomo. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ambirimbiri a m'nyumba, pakuti mawu achinsinsi otsegulira anali omwe aja ochokera nawo ku fakitale. Ndi makamerawo akathyali anagwetsa Twitter ndi Netflix kwa maola angapo.

Ena adzati ndikudana ndi chitukuko. Iyayi ndithu. Kwa munthu wolumala kapena nkhalamba, nyale yoyaka pomva mawu ndi thandizo lalikulu. Koma munthu wotereyu ndiye amavutika koposa tsiku limene intaneti yaduka.

Chotero ndipempha zinthu ziwiri. Chida chilichonse chikhale ndi swichi kapena kiyi wogwira ntchito popanda intaneti. Ndiponso wopanga anene poyera kuti adzachisamalira zaka zingati. Zimenezi n'zotheka, pakuti ku Britain lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024 linaletsa mawu achinsinsi osavuta kulota, nkukakamiza opanga kulengeza nthawi yosamalira katundu wawo.

Inu anzanga okonda sayansi, ena mwa inu mudzakhala amisiri. Chonde mudzatipangire nyale yoyaka munthu akaiyatsa.