Botolo la Uchi Linatsala Pachipata

Kale nkhani za ndege tinkazisiyira mabwana. Lero ana athu ali ku Joni, ena ali kusukulu kunja, ndipo makolo ambiri amene sanaganizepo zokwera ndege akulandira matikiti kuchokera kwa ana awo. Tsono tiyeni tikambirane za kalamulo kamodzi kamene kaliritsa anthu ambiri pabwalo la ndege, kalamulo ka zinthu zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja.

Tiyambe ndi zimene zinaonekera mayi wina amene tinayandikana naye nyumba kuno ku Kauma, mumzinda wa Lilongwe. Kwawo ndi ku Nkhotakota. Mwana wawo wamkazi anachira ku Johannesburg, ndipo mkamwini anatumiza tikiti kuti agogo akaone chidzukulu. Sutikesi anailonga usiku, naimanga bwinobwino. M'mawa mwake, galimoto ili kale pakhomo, anatulukira mlongo wawo kuchokera kumudzi atanyamula botolo lalikulu la uchi. Anati latumizidwa ndi mayi awo okalamba kuti akapatse mdzukulu wawo wochirayo. Mnansi wina anabwera ndi chiponde, winanso ndi botolo la tsabola wa Nali. Popeza sutikesi inali yomangamanga, zonsezi zinalowa m'chikwama cha m'manja.

Pabwalo la ndege sutikesi inayezedwa pasikelo nipita. Ife operekeza tinatsanzika n'kubwerera. Koma mayiwo atafika pamakina ounikira katundu, wachitetezo anatsegula chikwama nati, "Amayi, pepani, izi sizingadutse." Iwo anadandaula kuti, "Mwanangu, uwu ndi uchi chabe, laŵa wekha uone." Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti iye sakukayika kuti ndi uchi, koma botololo ndi lalikulu kuposa mmene lamulo limalolera. Nthawi inali itatha, sutikesi inali itapita, ife tinali titafika kale ku Kanengo. Uchi, chiponde ndi tsabola zinatsala pomwepo. Pamene anatiimbira foni atafika, chimene chinkawapweteka kwambiri chinali chakuti akauza chiyani mayi awo akadzafunsa ngati mdzukulu analandira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo tonse amene tinathandiza kulongedza tinadya nawo, chifukwa panalibe mmodzi yemwe amene anafunsa.

Lamulo lake ndi lalifupi. Paulendo wotuluka m'dziko, chinthu chilichonse chamadzimadzi chimene mukulowa nacho m'ndege chiyenera kukhala m'kabotolo kosapitirira mamililita 100. Kuti mumvetse, botolo lagalasi la Fanta la mamililita 300 mukaligawa patatu, gawo limodzilo ndiwo mlingo wake. Timabotolo tonse tiikidwe m'kapepala kapulasitiki koonekera mkati, kotsekeka kukamwa, kosapitirira lita imodzi, ndipo munthu aliyense amaloledwa kapepala kamodzi. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti achitetezo amaona kukula kwa botolo. Botolo la mafuta odzola la mamililita 200, ngakhale mutatsala pang'ono pansipansi, lidzakanidwa.

Mwina wina afunsa kuti kodi uchi unalakwa chiyani? Lamuloli lili ndi mbiri yake. Mu Disembala 1994 munthu wina analowa m'ndege ya Philippine Airlines ndi mankhwala ophulika amadzimadzi amene anawabisa m'kabotolo ka mankhwala otsukira timagalasi ta m'maso. Anatchera bomba pansi pa mpando n'kutsika panjira. Bombalo linaphulika ndege ili kupita ku Tokyo, nilipha munthu mmodzi wa ku Japan, ngakhale woyendetsa anatha kuitera. Kenaka mu Ogasiti 2006 apolisi a ku Britain anagwira gulu la anthu amene anakonza zophulitsa ndege zingapo zochoka pabwalo la Heathrow ku London kupita ku America ndi ku Canada. Iwo anafuna kubisa mankhwala awo m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Makina a nthawi imeneyo sankatha kusiyanitsa chakumwa chenicheni ndi madzi oopsa, choncho maiko anagwirizana zochepetsa mlingo. Maiko a ku Ulaya anayamba kugwiritsa ntchito mlingo wa mamililita 100 mu Novembala 2006, ndipo bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, limene Malawi ndi membala wake, linapempha maiko onse kutsatira zomwezo pofika chaka cha 2007.

Tikunena mbiri imeneyi kuti wina asamadzione ngati wasankhulidwa. Tamvapo abale ena akudandaula kuti anawalanda mafuta onunkhira chifukwa chakuti anavala kofia kapena mpango. Koma pankhani ya mabotoloyi mlingo ndi umodzi kwa shehe, kwa m'busa, kwa mwana wa sukulu ndi kwa mzungu wobwera kudzaona nyanja. Ndipo lamuloli likuteteza ndege imene inu ndi ana anu mwakweramo.

Tsono chamadzimadzi n'chiyani? Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti akunena madzi akumwa okha. Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi: chinthu chimene mungathe kuchithira, kuchipaka, kuchifinya kapena kuchipopera chili m'gulu limeneli. Uchi ulimo, chiponde chilimo, thobwa, chambiko, Sobo, mafuta ophikira, jamu ndi tsabola wa m'botolo. Mafuta odzola, mankhwala otsukira mano, sopo wamadzi, mafuta a tsitsi ndi zonunkhira zopopera zilimonso. Timabotolo tating'ono ta mafuta onunkhira timene abambo amadzola pa Ijumaa sitivuta chifukwa sitifika pa mlingowo, bola tilowe m'kapepala kaja. Zouma monga mpunga wa Kilombero, tiyi, ufa, mtedza wokazinga ndi usipa sizikhudzidwa ndi lamulo la zamadzimadzi. Komabe chenjerani, pakuti dziko lililonse lili ndi malamulo akeake pa nsomba, nyama, mbewu ngakhale uchi womwe wolowa kuchokera kunja, ndipo amenewa ndi malamulo ena amene muyenera kufunsa musananyamuke.

Pali zinthu zimene zimaloledwa kupitirira mlingo. Mkaka ndi chakudya cha khanda limene muli nalo paulendowo zimaloledwa, zokwanira ulendowo. Mankhwala a kuchipatala amadzimadzi, monga insulin ya odwala matenda a shuga, amaloledwanso. Asiyeni m'botolo lake lenileni lokhala ndi chizindikiro, tengani kalata ya dokotala kapena buku lanu la kuchipatala, ndipo aonetseni nokha musanafunsidwe. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku musawaike m'sutikesi, pakuti sutikesi ikhoza kuchedwa kufika inu mutafika kale. Koma mankhwala azitsamba othiridwa m'botolo la Fanta lopanda dzina musayembekeze kuti adutsa.

Chinanso choti tidziwe n'chakuti chipata si chimodzi. Amene amanyamukira pabwalo la Kamuzu pafupi ndi Lumbadzi kapena ku Chileka kupita kutali nthawi zambiri amasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo kumeneko akhoza kuunikidwanso. Botolo la madzi limene munagula mutadutsa chipata choyamba likhoza kulandidwa pa chachiwiri. Nzeru yake ndi kunyamula botolo lopanda kanthu, lomwe limaloledwa, n'kuthiramo madzi mutadutsa. Okalamba athu amene amamwa mapiritsi pa nthawi yake asaope ludzu, chifukwa m'ndege madzi amaperekedwa mukapempha. Mukagula zonunkhira zazikulu m'masitolo a mkati mwa bwalo la ndege, amaziika m'thumba lomata pamodzi ndi lisiti. Musalitsegule thumbalo kufikira mutafika kumene mukupita.

Kwa amene Allah wawapatsa mwayi wopita ku Hajji kapena ku Umrah, nkhani yaikulu ndi madzi a Zamzam. Aliyense kumudzi amayembekezera kadontho, ndipo mtima umafuna kudzaza chigubu chilichonse. Koma chigubu cha Zamzam sichiloledwa m'manja, ndipo akuluakulu a ndege ku Saudi Arabia amaletsanso kubisa mabotolo ake pakati pa zovala m'sutikesi. Njira yovomerezeka ndi chigubu chomata cha malita 5 chimene chimapezeka pabwalo la ndege ku Jeddah kapena ku Madina, chimodzi kwa munthu aliyense, ndipo chimapita pansi pa ndege ngati katundu wapayekha. Makampani a ndege amasiyana pang'ono pa kachitidwe kake, choncho funsani mtsogoleri wa gulu lanu musanachoke ku Makka. N'chinthu chomvetsa chisoni kuona munthu wachikulire akusiya pachipata madzi amene anawanyamula ndi ulemu wonse.

Mwina mwana wanu wa ku Britain wakuuzani kuti lamuloli linatha. Zoona zake n'zakuti mabwalo ena kumeneko anagula makina atsopano otha kuona bwino za m'kati mwa botolo, ndipo mu Julaye 2025 mabwalo a Birmingham ndi Edinburgh anayamba kulola mabotolo ofika malita 2. Koma zimenezi zimayendera bwalo. Chimene chaloledwa ponyamuka kumeneko chikhoza kukanidwa posintha ndege panjira. Inu tsatirani mlingo wa mamililita 100 ndipo simudzakangana ndi munthu.

Titaiganizira bwino nkhani ya mayi wa ku Kauma uja, tinaona kuti vuto linayambira pakhomo, pa ife abale. Mwambo wathu wopatsa wapaulendo kanthu ndi wabwino, ndipo sitikunena kuti uthe. Chimene chiyenera kusintha ndi nthawi yake. Pa basi yopita ku Mangochi mungathe kuponyera kathumba pawindo basi ikunyamuka, koma ndege silola zotere. Amene ali ndi mphatso aibweretse kutatsala masiku awiri kapena atatu, sutikesi isanatsekedwe. Botolo limangidwe bwino pachivindikiro, likulungidwe m'mapepala apulasitiki awiri, liikidwe pakati pa zovala m'sutikesi yopita pansi pa ndege, kumene mlingo wa mamililita 100 sugwira ntchito. Kumbukiraninso kulemera kwake, pakuti tikiti iliyonse ili ndi makilogalamu ake, ndipo lita imodzi ya uchi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka.

Wapaulendo naye alimbe mtima. Sikunyoza kuuza amalume kuti, "Pepani amalume, katundu watsekedwa kale, ichi chidzapita ulendo wina." Kuli bwino kukhumudwitsa munthu pang'ono pakhomo kusiyana ndi kukataya mphatso yake pachipata n'kudzasowa chonena pobwerera. Ndipo phukusi lililonse limene mwapatsidwa, ngakhale ndi m'bale wanu weniweni, litseguleni pamaso pake muone za m'kati. Pabwalo la ndege akhoza kukufunsani ngati munalongedza nokha, ndipo chilichonse chopezeka m'chikwama chanu chimawerengedwa kuti ndi chanu. Phukusi la munthu wosamudziwa amene wakupezani pamzere likaneni, ngakhale atadandaula chotani.

Operekeza, ntchito yanu siithera potsitsa katundu m'galimoto. Musanapereke sutikesi pasikelo, imani pambali, tsegulani chikwama cha m'manja cha mayi kapena bambo anu, ndipo botolo lililonse lalikulu lisamukire m'sutikesi. Mukatero dikirani panja kufikira atakuimbirani kuti adutsa. Achinyamata odziwa kuwerenga zolembedwa pabotolo, thandizani makolo anu. Nambala ya mamililita imalembedwa pansi kapena kumbuyo, pafupi ndi zilembo za ml.

Mayi uja anabwerako patapita miyezi iwiri, ndipo anakawauza mayi awo zoona zokhazokha. Gogoyo anangoti njuchi sizinathe m'nkhalango. Botolo lina lafika kale kuno ku Kauma, ndipo lakulungidwa bwino kudikira m'bale amene anyamuke mwezi wamawa, Insha Allah, ulendo uno m'sutikesi. Amene muli ndi wapaulendo m'banja mwanu, muwerengereni tsamba lino asanalongedze. Wassalamu alaikum.