Galimoto Imayamba Yadandaula Isanakugwetseni

Ana anga a ku Tafara ndi Mabvuku mumzinda wa Harare, makamaka inu amene mumapezera chakudya mu Honda Fit ndi Toyota Hiace ponyamula anthu pamsewu wa Mutare, tcherani khutu. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Galimoto zathu zambiri zinafika kuno zitayenda kale ku Japan, n'kudzapeza maenje aja amene anachititsa boma kulengeza mu 2021 kuti misewu ya dziko lino la Zimbabwe yafika poopsa. Dzenje lililonse limene mwaligunda limasiyako chilema kutsogolo kwa galimoto.

Mukaona chiwongolero chikukokera mbali imodzi, yambani mwayeza mpweya m'matayala, chifukwa nthawi zina vuto limakhala lomwelo. Kenako gwadani, mupapase tayala ndi chikhato. Ngati ladyeka m'mphepete mwa m'kati pomwe kunja mano akadalipo, dziwani kuti matayala sakuyang'ana kolunjika.

Apa ndi pamene ambiri mumataya ndalama. Mumathamangira ku alayimenti musanafufuze chimene chakhwefuka, ndipo pakangopita masiku galimoto yayambanso kukoka. Kuthamanga sikufika.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwezani galimoto pajeke, muichirikize ndi chitsulo cholimba, musadalire jeke yokha. Gwirani tayala kumanja ndi kumanzere, muligwedeze. Likamachita khwekhwerekhwekhwere, kawirikawiri ndi tie rod end. Ligwireninso pamwamba ndi pansi. Likasewera, kayikirani ball joint kapena bering'i. Mukaitsitsa, dinikizani ngodya ya galimoto n'kusiya. Ikamangodumphadumpha, mashoko atha, ndipo nthawi zambiri mudzaona mafuta akuchucha pamenepo. Phokoso la gugudu mukadutsa pahampu kawirikawiri limachokera kumabushi ong'ambika.

Sinthani zonse zakuthazo poyamba, mashoko awiri onse pamodzi, ndipo alayimenti ibwere pamapeto. Pogula zipangizo mumsewu wa Kaguvi, tengani chakale chija mukayerekeze, ndipo funsani makaniko wodziwa ntchito. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta, ndipo tsiku loima ndi tsiku la njala. Koma ball joint ikaduka muli paliwiro, tayala limapindikira pansi ndipo chiwongolero sichimveranso. M'galimotomo muli amayi opita ku Mbare ndi ana a sukulu, ana a eni ake amene akudalira manja anu. Imikani galimoto tsiku limodzi muikonze, anthuwo akafike kwawo amoyo.