Kumata envulopu si mlandu

Sabata yatha bambo wina m'minibasi anandiuza mosaphethira kuti aliyense wogwiritsa ntchito Tor ndi mbava, ati munthu wosalakwa alibe chobisa. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, bafa lanu munaikiranji chitseko?" Anangoti kukamwa yasa.

Ife amene tinakula mu ulamuliro wa chipani chimodzi nyimbo imeneyi timaidziwa. Makalata a achimwene anga ochokera ku Joni ankafika atamatidwa kawiri, ndipo tinkangoti zii. Mu 1992 anthu anamangidwa chifukwa chongopezeka ndi kalata ya maepiskopi. Kodi amenewo anali mbava?

Lero kalata zathu zimayenda pa intaneti, koma manja okonda kumatula sanafe ayi. Njira yakale yotsegulira masamba, ya HTTP, ili ngati positi khadi: aliyense woigwira panjira amawerenga. HTTPS inabweretsa envulopu, komabe adiresi imaoneka, ndipo kampani yokugulitsani intaneti imadziwa tsamba limene mwapitako. Foni yanu ikamafunsa kumene tsamba lili, kudzera pa DNS, imafuula ngati pamsika. Njira yomata funso limeneli, DNS over HTTPS, inakhazikitsidwa mu 2018, koma ndi angati anauzidwa kuti aitsegule?

Tor imaposa pamenepa. Uthenga umadutsa makompyuta atatu utakulungidwa ngati anyezi. Yoyamba imadziwa inuyo koma osati kumene mukupita. Yomaliza imadziwa kopitako koma osati inuyo. Mu 2019 wailesi ya BBC inatsegula tsamba lake pa Tor kuti anthu a m'maiko otsekereza nkhani aziwerenga. Kodi a BBC nawonso ndi mbava? Chaka chomwecho kunabadwa Gemini, njira ya masamba a mawu okhaokha, yopanda tizizindikiro ta cookies timene amalonda amatitsatira nato.

Sindikana, Tor imachedwa, ndipo zigawenga nazo zimaigwiritsa ntchito. Komatu zigawenga zimakweranso minibasi. Tithetse maminibasi?

Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino ikunena poyera kuti munthu asasokonezedwe pa makalata ndi mauthenga ake. Ufulu umenewu sitinautole panjira. Tinauvotera pa 14 June 1993. Koma ufulu wapapepala suletsa dzanja. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, ndipo amene anali ndi VPN ndiwo anapitiriza kulankhulana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho Amalawi anzanga, makamaka atolankhani, maloya ndi inu amene mwaona katangale kuntchito kwanu, phunzirani njirazi kunja kukadali bata. Wofuna kuwerenga kalata yanga akayambe wapempha chilolezo ku khoti. Ine envulopu yanga ndimata, ndipo sindipepesa kwa munthu.