Chenjezo: Onani amene walemba kafukufukuyo musanagule matabuleti a sukulu

Inu aphunzitsi aakulu, inu a PTA, inu a makomiti a chitukuko ku Katete, Sinda ndi Vubwi, tcherani khutu! Mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Ogulitsa matabuleti ndi mapulogalamu a pa kompyuta nawonso anaimva nkhaniyi.

Wamalonda wotere akafika pasukulu panu, adzatulutsa pepala la Chingelezi losindikizidwa m'magazini a akatswiri a ku yunivesite, n'kunena kuti kafukufuku watsimikiza kuti ana amakhoza ndi chipangizo chake. Musachite nalo mantha pepalalo. Yang'anani dzina la wolemba, kenako pezani kumene amalandira malipiro. Mwina mudzapeza kuti ndi wantchito wa kampani yomweyo imene ikukugulitsani katunduyo.

Inu alimi a soya ndi nshawa mumaidziwa sikelo imene wogula amabwera nayo yekha. Kodi mumaikhulupirira?

Sitikunena zongopeka. Lipoti la UNESCO la 2023 linanena poyera kuti umboni wambiri wotamanda zipangizo zamakono m'sukulu umachokera kwa amene akuzigulitsa. Linatchula kampani yaikulu ya Pearson, imene inalipira akafukufuku akeake potsutsa akatswiri oima paokha amene anapeza kuti katundu wake sanasinthe kanthu. Ku UK, makampani 7 okha pa 100 alionse ogulitsa zipangizo zotere ndi amene anayesa katundu wawo poyerekeza magulu a ana osankhidwa mwamaere. Dziko la Peru linagawa malaputopu ambirimbiri kwa ana, koma atawayesa anapeza kuti masamu ndi kuwerenga sizinapite patsogolo.

Munthu wa kampani sachita kunama kuti akusocheretseni. Amangosankha sukulu zokhala ndi magetsi ndi aphunzitsi okwanira, n'kulemba zimene zayenda bwino, zolephereka n'kuzitsekera m'kabati. Batire likafa, za izo salemba. Za mtengo wa laisensi imene muzilipira chaka ndi chaka, ziii. Ndipo nonse mukukumbukira mmene magetsi anazimirazimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Alembe ndithu anthu a makampani, chipangizocho amachidziwa mkati ndi kunja. Koma aulule pamwamba penipeni kuti ndi antchito a yani, ndipo asakhale iwo opereka chigamulo pa katundu wawo. Akonzi a magazini amene amalola zimenezi kubisika m'timalemba ting'onoting'ono akutilakwira ife akumudzi.

Njira yabwino munaiona kale konkuno. Bungwe la Impact Network litabweretsa matabuleti m'sukulu za m'midzi ku Katete, Sinda ndi Petauke, oyesa ntchitoyo anachokera kwina, ku American Institutes for Research. Sukulu zinasankhidwa mwamaere, zina kulandira pulogalamuyo, zina ayi, kenako ana n'kuyerekezedwa. Ana a m'sukulu zolandira anachita bwino pa kuwerenga ndi masamu. Koma dziwani ichi: tabuleti sinali yokha. Aphunzitsi ankalandira malipiro, ankayenderedwa ndi alangizi kawirikawiri, ndipo zipangizo zina za m'kalasi zinalipo. Wina asatenge zotsatira zimenezi n'kukugulitsirani nazo bokosi la matabuleti okhaokha.

Choncho musasaine msanga. Funsani kuti analipira kafukufukuyo ndani. Funsani ngati anayesedwa ndi ana olankhula Chinyanja, m'kalasi yodzaza ngati yanu kuyambira pamene maphunziro aulere anayamba mu 2022. Funsani wokonza zikawonongeka ali kuti, ku Chipata kapena kutsidya la nyanja. Akayamba kuzemba, musiyeni apite.

Pepala lililonse lotere litengereni ku ofesi ya maphunziro ya DEBS, ndipo nkhaniyo ikambidwe pamsonkhano wa makolo ndalama isanatuluke. Uzaniko anzanu a m'sukulu zoyandikana nanu sabata yomwe ino.