Malonda ndi M'maso: Mau kwa Ogula Galimoto pa Lamya

Adzukulu anga ndi nonse okonda za chikhalidwe chathu, lero ndabwera ndi mkwiyo pang'ono, ndipo mundikhululukire ngati mau ena abaya. Kwabuka mchitidwe pakati pathu, kuno kwa Kapichi ndi m'madera ena a boma la Thyolo, woti munthu aone chithunzi cha galimoto pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, alemberane mau awiri atatu ndi munthu amene sadamuonepo nkhope, kenaka atumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zonsezi ali chigonere pa mphasa. Achinyamata akuti kumeneko ndiye kutsogola. Ine ndikuti ndi kupusa kovala suti.

Makolo athu adati malonda ndi m'maso. Mwambiwu ndi waufupi, koma kumbuyo kwake kuli mwambo wathunthu. Munthu pokagula mbuzi sankapita yekha. Ankatenga mbale wake kapena mnansi wodziwa ziweto, nakafika pakhomo pa mwini mbuzi dzuwa likuswa mtengo. Ankaiyasamitsa kuti aone mano, pakuti mano ndiwo anena zaka. Ankaigwira msana ndi nthiti, kuiyendetsa pabwalo, kufunsa kuti idabereka kangati. Ndalama zinkawerengedwa poyera, mboni zili pomwepo, ndipo mbuzi ikamachoka m'mudzi a mfumu ankadziwa. Mawa wina akadzuka nati mbuziyo ndi yobedwa, padali anthu oti aimirire n'kunena zimene adaona. Tsono taganizani, kusamala konseku kudali kwa mbuzi chabe. Lero chinthu cha mamiliyoni, chodya penshoni yonse ya mphunzitsi kapena thukuta la zaka zisanu za ku Joni, chikugulidwa mopepuka kuposa nkhuku ya pa msika wa Luchenza.

Wina asati izi ndi nzeru za kumudzi zokha. Tiyi amene watizungulira m'zitunda muno, akafika pa okushoni ya ku Limbe sagulidwa ndi chithunzi. Lisanafike tsiku la malonda, ogula amalandira kaye tiyi pang'ono wa mulu uliwonse, namuviika m'madzi otentha, kumununkhiza ndi kumulawa. Mtengo umabwera pambuyo pa lilime. Kumunda nako, wothyola tiyi amaima pafupi ndi sikelo pamene kalaliki akuyeza masamba ake. Anthu a malonda a maiko akutali, okhala ndi makompyuta oposa athu, sadataye lamulo la maso. Nanga ife tikulitaya pofuna kufanana ndi yani?

Chimene chimandiwawa koposa ndi momwe mau oti chikole aipitsidwira. Pa mwambo wathu chikole ndi kanthu kamene mnyamata amapereka kwa namwali posonyeza kuti watsimikiza mtima, ndipo sikaperekedwa kuthengo. Kwawo kwa namwaliyo kumakhala kukudziwika, amalume ake akudziwika, ndipo pambuyo pake ankhoswe amakumana. Chikole chimamanga anthu awiri chifukwa onse ali ndi kwawo koti n'kukawapeza. Nanga uyu wa pa lamya, amene akuti, “Bwana, anthu atatu akuilimbirana, tumizani kachikole ndikusungireni,” kwawo n'kuti? Nkhoswe wake ndani? Kwawo ndi nambala ya foni, ndipo nambala imathimitsidwa ndi chala chimodzi. Nyimbo zawo sizisintha. Lero galimoto ili pa chipata cha Songwe, yangotsala ya msonkho. Mawa mwini wake ali ndi matenda kuchipatala, ndiye akuigulitsa motaya. Cholinga n'chimodzi, kukuthamangitsani kuti musapeze mpata wofunsa munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wakuba amaudziwa mwambi umenewu kuposa inu. N'chifukwa chake choyamba kukulandani ndi nthawi, ndalama zimatsatira pambuyo.

Ndikudziwa chimene mdzukulu wophunzira andiyankhe. Ati, “Agogo, magalimoto ambiri a m'misewu yathu adachokera ku Japan, ndipo palibe adakwera ndege kukawayasamitsa.” N'zoona, ndipo ine sindikulimbana ndi intaneti. Makampani monga SBT ndi BE FORWARD, imene idayamba mu 2004 ku Tokyo, atumiza kuno ma Sienta, ma Probox, ma Vitz ndi ma Freed osawerengeka; dzina la BE FORWARD lidafika mpaka ku mpira, pakuti timu ya Wanderers idatenga ligi mu 2017 ikutchedwa nalo. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa mwalamulo ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, choncho ambiri amaigulitsa isanakalambe kwenikweni. Amayendanso kumanzere kwa msewu monga ife. Malonda amenewa ali ndi maziko. Koma onani kusiyana kwake. Kampani ili ndi dzina, ofesi, akaunti ya ku banki ya m'dzina la kampaniyo, ndi zikalata zosonyeza nambala ya chassis ndi sitima imene yanyamula katunduyo. Zikalatazo ndizo mboni. Munthu wongoba zithunzi pa tsamba la kampani n'kuziika pa tsamba lake, nati mumlipire pa nambala ya mlamu wake, alibe ndi chimodzi chomwe mwa zimenezi.

Ngakhale pamenepo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pansi pa chithunzi kawirikawiri ndi wa galimoto ili pa doko la ku Japan. Pamwamba pake pali ya sitima kufikira ku Dar es Salaam, zolipira pa doko, ya wokuombolerani katundu, dalaivala ndi mafuta a ulendo wopitirira makilomita 1,500 kudzera ku Kasumulu ndi Songwe, ndiponso msonkho wa MRA, umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake. Zambiri mwa izi zimatsata dola. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene galimoto yake idali panyanja tsiku limenelo adadzuka ali ndi ngongole imene sadakongole.

Koma mlandu wanga waukulu uli ndi iwo amene akugula galimoto ili kale m'dziko muno, ku Limbe kapena ku Blantyre, ulendo wa minibasi kuchokera pa Thyolo, n'kumadalirabe chithunzi. Awa alibe chowiringula. Ali dere n'kulinga utayenda naye, ndipo mwambiwu ukukhudza galimoto monga ukhudzira munthu. Chithunzi chilibe fungo, chilibe phokoso. Galimoto iliziridwe m'mawa injini ili yozizira, pakuti wogulitsa wochenjera amaitenthetsa inu musanafike kuti ibise chifuwa chake. Utsi wabuluu ukunena kuti injini ikudya oyilo. Tsegulani pothirira oyilo; mukapeza zoyera ngati chambiko, madzi alowa kosayenera. Manambala a makilomita amabwezedwa m'mbuyo, koma chiwongolero chosalala ndi zopondera zoperepeseka sizidziwa kunama. Amenewo ndiwo mano a mbuzi ija. Gwadani musuzumire kunsi, chifukwa kumadera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, ndipo mchere umabala dzimbiri. Funyululani makapeti: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adamiza magalimoto pamodzi ndi nyumba, ndipo matope sachoka onse. Kenaka ikwereni chitunda, ipondetseni msewu wa dothi. Galimoto yotsika mimba, yopangira misewu ya ku Tokyo, idzasiya bampala panjira ya kwa Kapichi mvula yoyamba. Makaniko akhale wanu, wolipidwa ndi inu. Wobwera ndi wogulitsa kapena ndi dobadoba amadya pomwe inu mukulira.

Za kunenerera nazo zaonongeka. Ena akuchita nako manyazi, ati n'za amphawi. Ena akungolemba mau awiri a Chingerezi ofunsa mtengo womaliza, opanda ngakhale moni, ngati akuitana galu. Onsewa alakwa. Kunenerera kwa makolo kudali kucheza kwa ulemu: moni, kufunsana za kunyumba, kuyamikira chimene chili chabwino pa katunduyo, kenaka kutchula chilema chimene waona ndi maso ako, nupempha kuti mtengo utsike molingana ndi chilemacho. Ngati matayala atha, ndalama ya matayala anayi ichoke. Ngati COF ndi inshulansi zidatha kale, nazo ziwerengedwe. Tsono munthu amene sadaione galimoto anenerera ndi chiyani? Alibe chogwira, angopempha chifundo. Ndipo pocheza paja ndi pamene umamudziwa munthu: adaigula liti, akuigulitsiranji, amakonzetsa kwa yani. Wabodza amatopa ndi mafunso, mwini weniweni amakondwera nawo. Ine ndimaseka ndikamawerenga mobwerezabwereza kuti galimoto inkayendetsedwa ndi mayi wofatsa. Amayi ofatsawa alipo angati m'dziko muno, ndipo n'chifukwa chiyani onse akugulitsa? Chida chomaliza cha wogula ndi miyendo yake. Kutsazika mwaulemu n'kunyamuka kumatsitsa mtengo kuposa kukalipa, koma wotumiza chikole wadula kale miyendo imeneyo.

Muzu wa zonsezi ndi chinsinsi. Mwana akufuna adzangotulukira pakhomo akuliza hutala, anthu adzidzimuke. Ena akuopa nsanje, ena akuopa kuti abale akamva adzayamba kupempha. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, pakuti m'midzi mwathu zoterezi zilimo. Koma safunsa adadya phula, ndipo palibe wanena kuti mulengeze pa msonkhano wa a mfumu. Amalume anu okha, kapena mnzanu mmodzi wodziwa injini, akwanira. Chomvetsa chisoni n'chakuti chinsinsi chomwecho chimateteza wakubayo pambuyo pake. Wobeledwa amachita manyazi kupita ku polisi, amangoti ndalama zidalowa pa zina, ndipo msampha womwewo mawa ukola wina ku Bvumbwe.

Atsala mapepala, amene lero aima m'malo mwa a mfumu aja. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha munthu waima patsogolo panu. Nambala ya chassis ndi ya injini muziwerenge nokha pa chitsulo, chilembo ndi chilembo, n'kufanizira ndi za pa pepala. Funsani ngati galimotoyo sidaikidwe chikole ku banki kapena kwa wakatapila, ndipo apolisi aione ngati si yobedwa, makamaka ikakhala yolowa kudzera m'maiko oyandikana nafe. Ndalama yaikulu iperekedwe ku banki, pakhale kalata ya mgwirizano yosainidwa ndi mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo mupite limodzi ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini. Galimoto ikatsala m'dzina la wina, m'mabuku a boma si yanu, ngakhale makiyi ali m'thumba mwanu. Wogulitsa akayamba zoti blue book ili ndi achimwene ake ku Lilongwe, idzabwera sabata ya mawa, muuzeni mofatsa kuti nanunso ndalama zanu zili ndi achimwene anu, zidzabwera tsiku lomwelo.