MAU A MLANGIZI: Bedi ndi Matiresi a Wodwala Wogonera Pakhomo

Achikumbe anzanga, sabata ino tisiye pang'ono za mizere ndi manyowa, tikambe za munthu amene achipatala amtulutsa koma sakhoza kudzuka yekha. Otere alipo m'midzi mwathu: wina anafa mbali imodzi ndi sitiroko, wina anagwa mumtengo nathyoka msana, ena ndi agogo amene anathyoka fupa la m'chiuno. Kapena mufunsa kuti nanga izi zimkhudza bwanji mlangizi wa zaulimi. Zindikhudza pakuti ndalama zogulira bedi zichokera m'nkhokwe ndi m'khola. Banja ligulitsa ng'ombe yapangolo kapena chimanga chakudya, ndipo pofika Januwale pakhomo pali matenda ndi njala pamodzi.

Tsono musanagulitse kanthu, dziwani chimene bedi lachipatala lichita. Likweza kumutu, lipinda m'mawondo, ndipo lina likwera ndi kutsika lonse lathunthu. Lilipo lopukusa ndi dzanja, lilipo lamagetsi. Lamagetsi tisatayepo nthawi. Kopanda magetsi ndi chitsulo chabe. Lopukusa ndi labwino ndithu ngati mwabwereka kapena mwalipeza pamtengo wotsika, koma muliyese munthu atagonapo, muone ngati chopukusira chizungulira ndi mabuleki agwira. Yesaninso khomo lanu, pakuti bedi lotere m'lifupi ndi masentimita 90 kapena kupitirirapo, m'litali mamita 2, ndipo makomo ambiri akumudzi ngopapatiza. Funsani ngati limasulidwa. Mateyala ake amira m'dothi lozira, chotero muwayalire thabwa.

Zitsulo zotchinga m'mbali zioneka zabwino koma zili ndi ngozi yake. Mpata wa pakati pa zitsulo usapitirire masentimita 12, kuti mutu usalowepo. Munthu wosokonezeka maganizo akwera pamwamba pa zitsulozo nagwa kuchokera patali. Wotere mumgoneke pabedi lalifupi, pansi pambali pake muyalepo chofewa.

Kunena zoona, mabanja ambiri safunika bedi lachitsulo konse. Kalipentala wa pamsika akhoza kukukhomerani lokwanira, malinga mumuuze zimene mufuna. Matabwa akhale ouma bwino, a bulugama kapena paini, aawisi apindika. Pansi pogona matiresi akhome matabwa oyandikana, asaluke zingwe za khonje kapena mphira wa mateyala, chifukwa bedi lolukidwa lichita chidikha pakati, ndipo kutembenuza munthu m'chidikha ndi ntchito yothyola msana. Za msinkhu wake muyang'ane wodwalayo. Ngati akhoza kukhala tsonga ndi kuponda pansi, bedi pamodzi ndi matiresi lilekeze m'mawondo mwake, ndiwo masentimita 45 kapena 50 kwa munthu wamkulu. Ngati sadzuka konse, lifike m'chiuno mwa womsamala, kuti mayi wosambitsa ndi kusintha zofunda asamawerame tsiku lonse, mawa n'kudwala nayenso. Pokweza, dulani zipika zinayi zofanana, muzigobe pamwamba ngati kamtondo, miyendo ya bedi ilowemo. Njerwa zosanjikiza ayi, ziterereka. Bedi lisagunde khoma, mudzifikako mbali zonse ziwiri.

Chokwezera kumutu muli nacho kale. Tengani mpando wokhala ndi chotsamira, muugoneke chafufumimba kumutu kwa bedi kuti msana wake ukhale chotsetsereka, muikepo mapilo. Pa nthawi ya chakudya wodwala akhale tsonga kuti asatsamwe, ndipo akhalebe chomwecho theka la ola atatha kudya. Nthawi zina zonse kumutu kusakwere koposa gawo limodzi la magawo atatu a kukhala tsonga, pakuti akakwera kwambiri atsetserekera kumiyendo, khungu la kumatako n'kukokeka. Koma wodwala mtima kapena wobanika popuma, tsatani zimene dokotala wanena.

Tsopano tifike pa matiresi, pamene ine nditi ndalama zanu ziyambire. Mdani wamkulu wa munthu wogona ndi zilonda zobwera kaamba kogonera malo amodzi. Fupa likatsindira mnofu pamalo pouma, magazi aleka kuyenda pamenepo, ndipo mnofuwo uyamba kufa m'maola owerengeka okha. Zikonda kutuluka m'munsi mwa msana, m'mbali mwa chiuno, kuzidendene, m'akakolo, m'zigongono, pamapewa ndi kunkhongo. Pa khungu lathu lakuda simudzaona kufiira ayi. Muona malo oderapo kuposa ena, onyezimira, otentha kapena olimba mukawakhudza. Chikaboola, chilonda chotere chikhoza kudya mpaka pafupa, chitenga miyezi kuti chipole, ndipo chipha munthu amene matenda ake enieniwo sakanamupha.

Chifukwa chake gulani matiresi a siponji yolimba, ochindikala masentimita 15, ndiwo mainchesi 6. Musanyengedwe ndi nsalu yamaluwa ya pamwamba. Nyamulani awiri ofanana kukula: olemerawo ndiwo abwino. Kenaka wina wa thupi lofanana ndi wodwala agonepo chagada, inu mulowetse dzanja kunsi kwa matiresi molunjika matako, chikhatho chipenye kumwamba. Mukamva thupi la munthuyo pa zala zanu, asiyeni, ameneyo wagonera thabwa. Payenera kutsala siponji yosachepera inchi imodzi pakati pa dzanja lanu ndi thupi lake. Wasitolo akakana kuti muyese, pitani kwina. Muziyesa chomwechi ngakhale kunyumba mwezi ndi mwezi, chifukwa siponji itha mphamvu, makamaka pakatipo.

Alipo matiresi ena amphweya okhala ndi pampu yopopa ndi kuphwetsa mosinthanasinthana. Agwira ntchito, koma pampuyo ifuna magetsi usana ndi usiku, ndipo magetsi akathima aphwa.

Ngati ndalama za siponji palibe, musamsiye munthu pamphasa. Sokani thumba lalikulu la nsalu, mudzazemo makoko a chimanga ouma bwino, ong'ambidwa tizidutswa ting'onoting'ono, mutachotsa zitsinde zolimba. Muziwatakasa tsiku ndi tsiku kuti asachite mabumphu, ndipo akanyowa otchani muikemo ena. Safika pa siponji, koma aposa thonje, limene litsindirika n'kuuma gwa, ndiponso lisunga mkodzo.

Siponji nayo ikamwa mkodzo yaonongeka. Yalani pepala lapulasitiki chopingasa pakati pa bedi, kuyambira pamsana kufika m'mawondo, pamwamba pake chitenje chochapa. Thupi lisakhudze pulasitiki, chifukwa thukuta lifewetsa khungu. Chitenjecho muchikoke chisachite makwinya, ndipo musese nyenyeswa za chakudya. Kanjere kamodzi kogonera usiku wonse kakwanira kuyambitsa chilonda.

Komatu palibe matiresi, ngakhale odula chotani, amene achotsa ntchito yotembenuza. Wodwala atembenuzidwe pa maola awiri alionse, usana ndi usiku: kumanja, chagada, kumanzere. Mutu umodzi susenza denga, choncho abale agawane nthawi, ndipo foni iziliza belu usiku. Izi mupanganiretu dzinja lisanafike, pamene aliyense alawirira kumunda. Potembenuza musamkoke, anthu awiri amnyamule pa chitenje chija. Ikani pilo pakati pa mawondo, ndi wina kunsi kwa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere. Malo oyamba kuda musawasisite, ingowachotsani kulemera. Ndipo musamuikire nkhata kumatako monga achitira ena; nkhata itsekereza magazi kuzungulira chilonda.

Chotsala ndi chimene chigwera ku ntchito yanga yeniyeni. Bedi lamatabwa liitana nsikidzi, ndipo ena apopera mankhwala a thonje kapena a tomato pa matiresi, ena awazapo mankhwala osungira chimanga. Lekani zimenezo. Munthu wogona pamenepo usana ndi usiku apuma poizoniyo, wina alowa pakhungu. Mapiritsi aja ofukizira matumba a chimanga asalowe konse m'nyumba yogona anthu, mpweya wake upha. Nsikidzi muzithire madzi owira m'mfundo za bedi, matiresi muyanike padzuwa, ming'alu ya khoma muimate, ndipo zikakanika uzani azaumoyo a m'dera lanu. Neti ya udzudzu isaiwalike.

Tsiku lotuluka m'chipatala lisanafike, pemphani anamwino kapena a fizo akuonetseni ndi manja katembenuzidwe ndi kanyamulidwe ka wodwala wanu. A ku Blantyre ndi maboma oyandikira akhozanso kufunsa ku Kachere, kumene athandiza ofa ziwalo. Mukaona khungu latumbuka kapena chilonda chanunkha, musadikire tsiku la sikelo, kauzeni achipatala tsiku lomwelo.

Sabata yamawa tikamba za kukonza nkhokwe ndi kuyanika chimanga.

MLANGIZI