Masupuni angati mu tiyi wanuyo?

Omvera athu, pulogalamu ina isanayambe, tasuzumirani m'kapu mwagwirayo. Mwathiramo masupuni angati? Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asamapitirire masupuni ang'onoang'ono 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi magalamu 35 a shuga, pafupifupi masupuni 9. Wa m'thobwa, m'phala ndi m'mandasi sitinawerengere.

Komatu mlandu si wa shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa yekha. Nsima nayonso imasanduka shuga m'thupi, makamaka ya ufa woyera, umene tinauchotsa gaga n'kupatsa nkhuku. Mitanda ikamachuluka, mimba n'kumakula, thupi limayamba kusamvera insulini, kapamba n'kumagwira ntchito mpaka kutopa. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayamba choncho, mwakachetechete, zaka zambiri ludzu ndi kukodzakodza zisanaonekere.

Nanga zotsekemera zopanda shuga zija? Mu 2023 WHO inati musazidalire pofuna kuchepetsa thupi. Ine ndingati zoloweretsani lilime, supuni imodzi ichoke sabata ino.